Za kudimba si za mahala

Pa pulogalamu ya moni timawerenga mauthenga ambiri ochokera kwa inu a m'tauni. Ena amachokera ku Chipata, ena ku Lusaka, ena mpaka ku Kopala. Ambiri ndi moni chabe: tili bwino, ana akukula, tibwera pa Khirisimasi. Koma pali uthenga umodzi umene umabwera kawirikawiri moti tinachita kuuloweza: “Muwauze amama kuti thumba lafika bwino, koma ulendo wina aikemo nshawa zambiri.”

Timauwerenga, timaseka, n'kuika nyimbo. Tikazimitsa maikolofoni ndiye timayang'anana, chifukwa thumba limenelo timalidziwa. Ife tili kuno ku Chadiza kumene limanyamukira. Timaliona m'mawa pa boma, litasokedwa pakamwa ndi chingwe, dzina ndi nambala ya foni zitalembedwa pambali, mayi wachikulire ataimirira pafupi akupempha kondakitala kuti asaliike pansi pa matumba a makala. M'kati muli nshawa, nyemba, kandolo, dzungu limodzi, impwa, mfutso wa chibwabwa, ndipo pamwamba pali repu wothyoledwa mbandakucha, wokutidwa ndi masamba a nthochi kuti asafote. Ndalama ya basi nthawi zina amalipira wolandira. Za m'katimo salipira aliyense.

Maganizo athu ndi akuti zimenezi zisinthe. Sitikunena kuti thumba lileke kubwera, ayi. Libwere kawirikawiri kuposa kale, pa tsiku lodziwika, ndipo likhale ndi mtengo wake, wolipiridwa mbewu isanalowe m'nthaka.

Amene muli pa Facebook mwaziona kale. Mafamu ena aang'ono a m'mbali mwa Lusaka amalengeza bokosi la ndiwo: mumalipira, ndipo sabata iliyonse amakubweretserani zimene zakhwima m'munda sabata imeneyo. Zithunzi zake n'zokongola, kaloti wotsukidwa, letesi, timasamba tonunkhira timene agogo athu sangatidziwe dzina, ndipo mtengo wake umakuuza wokha kuti bokosilo likupita ku Kabulonga, osati ku Mtendere. N'chifukwa chake achinyamata ambiri amaziona ngati za azungu ndi mabwana.

Koma chiyambi chake sichinali cha ulemerero. Ku Japan, m'zaka za m'ma 1970, amayi a m'mizinda amene ankaopa mankhwala m'zakudya anayamba kupangana ndi alimi mwachindunji, njira imene kumeneko amaitcha teikei. Ku America mafamu awiri aang'ono anayamba zofananazo mu 1986, ogula akulipiriratu nyengo yolima isanayambe. Kufupi kuno, ku Cape Town, bungwe la Abalimi Bezekhaya linayamba mu 2008 kusonkhanitsa ndiwo za alimi a timinda ta m'makomboni monga Khayelitsha ndi Nyanga, n'kumazipereka m'mabokosi sabata iliyonse kwa anthu olembetsa. Konseko chachikulu sichinali bokosi. Chachikulu chinali chakuti wakudya amalonjeza, wolima amadziwiratu kuti akulimira ndani, ndipo chaka chikavuta onse awiri amagawana vutolo. Ife thumba tili nalo kuyambira kale. Lonjezolo ndi limene tilibe.

Kuti timvane bwino tiyeni titsikire kudimba, pakuti ambiri a inu munachoka kumudzi muli ana ndipo za kudimba mumakumbukirako nzimbe zokha.

Dimba limayamba ndi mpanda. Kuno anthu akangomaliza kukolola, ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zimamasulidwa kuti zizidzidyera zokha, ndipo m'miyezi ya chilimwe malo obiriwira m'dera lonse amakhala dimba lokha. Chiweto chilichonse chimalidziwa. Ndiye munthu amadula mitengo, minga ndi udzu, n'kumanga mpanda kuzungulira, chaka ndi chaka, chifukwa chiswe ndi moto wa tchire sizisiya kanthu. Nkhumba imodzi ikapeza kampata usiku, ntchito ya miyezi iwiri yathera pomwepo, ndipo mlandu wake kwa anyakwawa umatenga nthawi yaitali kuposa imene repuyo anatenga kuti akule.

Kenako madzi. Chitsime cha m'dambo chimakumbidwa ndi khasu ndi fosholo, ndipo dzuwa likamakula madzi amatsika, munthu n'kumachikumbabe powatsatira. Mu Juni umatunga utangowerama. Mu Okutobala umachita kutsikira m'kati. Keni imodzi ya malita 10 imalemera makilogalamu 10, ndipo wothirira amanyamula ziwiri, kupita ndi kubwerera, m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, Sondo lomwe. Kulibe tchuthi, chifukwa mbande za repu sizidziwa kuti pamudzi pagwa maliro. Ochepa ali ndi pampu yopondaponda kapena kainjini ka petulo, ndipo amenewo timawaona ngati atukuka. Ambiri ndi msana wawo basi.

Onjezanipo manyowa otuta m'khola pa ngolo, mbewu yogula kusitolo, ndi mankhwala. Olima matimati adzakuuzani za kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kamene kanalowa m'dziko muno mu 2016 ndipo sikanachokenso. Kamaboola masamba ndi zipatso zomwe, ndipo kamazolowera mankhwala msanga, moti mlimi amangosinthasintha mabotolo ndalama zikutuluka.

Zonsezi zimachitika munthu asanaone ngakhale ngwee imodzi.

Tsiku logulitsa likafika amadzuka tambala woyamba, n'kumanga dengu kumbuyo kwa njinga. Akafika pamsika amapeza anzake ali kale pomwepo ndi repu yemweyo, kabichi yemweyo, chayinizi yemweyo, chifukwa nyengo yozizira imakomera aliyense nthawi imodzi. Apa ndi pamene ndiwo zamasamba zimasiyana ndi chimanga. Chimanga ukakana mtengo umabwerera nacho kunkhokwe. Masamba alibe nkhokwe. Ikamakwana 11 koloko ayamba kugona, ndipo wogula amadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Amangodikira dzuwa limugwirire ntchito. Madzulo mlimi uja amagulitsa mtolo pa theka la mtengo wa m'mawa, zotsala amapatsa mbuzi, n'kupalasa njinga kubwerera kukathirira.

Pamenepa tisaloze ena chala, chifukwa wogula ameneyo ndife. Timalowa m'sitolo yaikulu, timalipira zimene zalembedwa pa pepala popanda kutsegula pakamwa. Mabandulo a intaneti akakwera timadandaula pa WhatsApp, kenako n'kugula. Koma tikafika pa mayi wogulitsa chibwabwa timasanduka akatswiri a malonda: ndichotsereniko, zafota izi, uko akugulitsa motchipa. Akatichotsera timafunsanso mbasela.

Nafenso a pawailesi tili ndi mlandu wathu. Nyengo yokolola ikafika timatha maola ambiri pa mtengo wa chimanga: FRA yalengeza zingati, misika yake itsegulidwa liti, malipiro achedwa bwanji. Nyengo yobzala ikafika nkhani ndi FISP, ndani walembedwa, ndani wachotsedwa. Mafoni amachita kulimbirana. Ndi bwino, chimanga ndi moyo wathu. Koma sitinakhalepo ndi tsiku limene wina analengeza mtengo wa repu, ndipo nsima siidyedwa yokha. Mlimi wa ndiwo amayenda yekha kuyambira pa nazale mpaka pamsika.

Kusowa msika wodalirika si nkhani yatsopano kuno kum'mawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 alimi a ku Luangeni, kufupi ndi Chipata, anadandaula kwambiri kuti sitolo ya Shoprite itatsegulidwa m'tauniyo ndiwo zawo zinasowa ogula. Mkanganowo unabala mgwirizano woti alimiwo aziperekanso ndiwo kusitoloko. Chimene ankafuna anthu aja sichinali chifundo, chinali wogula wodziwika. Ndipo ngakhale mwayi wotere ukapezeka, sitolo yaikulu imafuna katundu wofanana, wochuluka, wofika pa ola lake. Mnyamata wa mabedi khumi ndi makeni awiri m'dera la a Mlolo kapena a Zingalume sangakwanitse zimenezo. Koma mabanja khumi angawadyetse.

Tiyerekeze chabe, manambala enieni mupangane nokha. Mabanja 10 pa boma pano, aphunzitsi, anamwino, apolisi, a kukhonsolo, lililonse likulipira K50 pa sabata. Imeneyo ndi K500 pa sabata, K2,000 pa mwezi. Onsewa amalandira malipiro kamodzi pa mwezi, ndiye n'zosavuta kupereka ya mwezi wonse pa tsiku limodzi kudzera pa foni. Mlimi akaigwira ndalamayo agula mbewu ndi mankhwala popanda kupita kwa a kaloba. Akudziwa kuti Lachisanu lililonse pafunika madengu 10, ndiye sabzala repu yense tsiku limodzi. Afesa pang'ono lero, pang'ono pakatha masabata awiri, ndipo pakati pake aika impwa, therere, anyezi, nyemba zaziwisi, chifukwa palibe banja lofuna repu yekhayekha mwezi wathunthu. Sathyola zoti zikafotere pamsika. Athyola zimene zagulidwa kale.

Palibe chachilendo apa. Chilimba timachidziwa: anthu amasonkha pa tsiku lopangana, ndipo chimayenda chifukwa aliyense amaopa manyazi pamaso pa anzake. Kusiyana kwake n'kwakuti m'chilimba ichi wina amasonkha ndalama, wina amasonkha ndiwo.

Koma pali mbali imene ingakuvuteni inu ogula, ndipo tisaibise. Mukapangana ndi dimba, simusankha. Mumadya zimene nyengo yapereka. Walira mvula walira matope.

Ife tikuona kuti mbali imeneyi ndiyo yokoma kwambiri, ngakhale m'tauni mwaiwalika. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, pasanathe masabata ambiri bondwe amera yekha m'mbali mwa khola, wanthete, wosafuna zambiri koma matimati ndi mchere. Pambuyo pake pabwera kanunkha ndi suntha, ndi kuwawa kwake kumene ana amakana koma akulu amakufunafuna. Chibwabwa cha dzinja chimafika ndi maluwa ake ndi timaungu tating'ono todulira momwemo, chotendera ndi nshawa zosinja. Khwanya, chitambe, bowa wozula m'tchire m'mawa, therere lophika ndi chidulo limene limatsetsereka lokha kukhosi. Febuluwale akamatha kuli dowe, zipwete ndi mphonda. M'miyezi imeneyi matimati amasowa ndipo amadula, chifukwa chinyezi chimawabweretsera matenda ndipo madimba ambiri amakhala atamira. Amene amaumirira matimati anayi mumphika mu Janyuwale akulimbana ndi mvula.

Epulo ndi Meyi ndi masika: maungu okhwima, kandolo, nzama, nshawa zaziwisi zowiritsa, nyemba zatsopano zimene zimapsa nkhuni zisanathe. Kukazizira, mu Juni ndi Julayi, dimba limalowa ufumu wake. Repu wa nthawi imeneyi masamba ake ndi aakulu ndi ofewa, kabichi amamanga mutu wolimba, mpiru, chayinizi, anyezi, ndipo matimati amachuluka mpaka ana amawadyera kudimba komweko ngati zipatso. Anthu akamapita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, madengu amakhala adakali odzaza.

Kenako kumabwera miyezi yovuta. Seputembala, Okutobala, mpaka mvula. Dzuwa limakula, zitsime zimatsika, nsabwe zimadzaza kunsi kwa masamba a repu, ndipo dengu limapepuka. Mudzalandira kalembula, impwa, chigwada, mwina timatimati tochepa, ndi mfutso. Apa ndi pamene mgwirizano umayesedwa. Wogula wa pamsika amangosamukira kwa wina. Wogula wa lonjezo amalipira K50 yomweyo, pokumbukira kuti mu Julayi dengu linkasefukira pa mtengo womwewo.

Tikudziwa kuti ena a inu ndiwo zimenezi mumaziona ngati chizindikiro cha umphawi. Munthu akayamba ntchito amafuna kuti anzake aone soseji ndi nkhuku mufiriji, ndipo bondwe amamudya chitseko chili chotseka. Tilibe mawu ambiri pa zimenezi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso pa tsiku. Yang'anani mbale yanu ya masana, kachidutswa ka kabichi kali pambali ngati kokongoletsera, muwerenge nokha.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zambiri za dimba. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chimanga chokololedwa m'dziko chinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, kuchoka pa oposa 3.2 miliyoni a chaka cham'mbuyo. Inu m'tauni munachimva pa mtengo wa unga ndi pa malaiti amene ankapita maola ochuluka. Kuno minda ya kumtunda itapsa, anthu anathamangira kudambo, chifukwa ndiko kokha kumene kunatsala chinyezi. Ndalama ya repu ndi matimati ndi imene inkagula kapamela ka unga madzulo. Koma mvula ikachepa kumtunda, zitsime za kudambo nazo zimauma msanga. Chaka chimenecho wolima anasenza zonse yekha: mbewu yotayika, madzi osowa, ndi mimba za ana. Ndipo mauthenga ofunsa thumba sanaleke kubwera pawailesi.

Tsopano zotsutsa, chifukwa zilipo, ndipo zina ndi zamphamvu.

Choyamba ndi cha chibale. Wina adzati: mukufuna tizigula kwa amayi athu otibala? Thumba lija ndi chikondi, mukaikapo mtengo mwalisandutsa malonda. Mawu amenewa tikuwamva, ndipo sitikuwapeputsa. Tikudziwanso kuti ambiri a inu mumatumiza ndalama kumudzi: wina akadwala, pakagwa maliro, denga likasasuka. Amene amati a m'tauni sathandiza amanama. Koma taonani nthawi imene ndalamayo imafika. Imafika vuto litagwa kale, ndipo imathera pa vutolo. Siifika mu Malichi pamene pakufunika mbewu, kapena mu Meyi pamene pakufunika mpanda. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo woika amayembekezera kudzapeza pamene anaikapo. Ngati mawu oti kugula akukuwawani, musawatchule. Nenani kuti iyi ndi ya mbewu, mwezi uliwonse pa tsiku lakuti, ndipo musaphonye. Amama adzapitirizabe kuikamo dzungu lija limene simunapemphe.

Komanso mgwirizanowu suyenera kukhala ndi amayi anu okha. Ganizirani mnzanu uja munali naye m'kalasi, amene sanapitirize sukulu. Kumudzi munda waukulu uli m'manja mwa akuluakulu, ndipo malo amene mnyamata amapezerapo ndalama yakeyake koyamba ndi kudimba. Njinga yoyamba, foni yoyamba, malata oyamba, zambiri zimachokera ku matimati. Dimba likamugwiritsa mwala kawiri katatu, amagulitsa makeni aja n'kukwera basi. Mumadziwa kumene amafikira. Amafikira kwa inu, m'chipinda chanu chimodzi cha lendi, akufunafuna ganyu imene kulibe.

Chachiwiri ndi mtunda, ndipo apa tisanamizane. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 500, ndipo ife tili kuseri kwa Chipata. Za msewu wa Chipata–Chadiza mukuzidziwa, wakhala pakamwa pa andale zaka zambiri. Chibwabwa chothyola Lachinayi sichingafike ku Chawama chili chamoyo sabata iliyonse pa mtengo woti munthu wamba angakwanitse. Ndiye dengu la ndiwo zaziwisi ndi la apafupi: a pa boma pano, a ku Katete, a ku Chipata, kumene honda kapena minibasi imafika tsiku lomwelo. A ku Lusaka zamasamba zaziwisi mupangane ndi alimi a kufupi nanu, ku Chongwe kapena ku Chibombo. Ndi alimi omwewo, makeni omwewo, mavuto omwewo.

Koma kumudzi kwanu mungapanganeko thumba la pa mwezi la zinthu zosafota: nshawa, nyemba, nzama, kandolo, maungu, anyezi, ndi mfutso. Mfutso tisamauderere. Kufutsa ndi luso: masamba amaviikidwa pang'ono m'madzi owira, amayanikidwa pa mphasa mpaka kuuma gwa, ndipo akale ankawakulunga m'masamba a msuku kupanga chikwatu chopachika kudenga la khitchini, chimene chinkasunga banja mpaka mvula ina. Mayi Sylvia Banda a kampani ya Sylva ku Lusaka anamanga bizinesi yodziwika pa luso lomweli, kuphunzitsa alimi kuumitsa ndiwo zachikuda mwaukhondo ndi mphamvu ya dzuwa n'kuziika m'mapaketi. Ngati mfutso ungakhale pa shelefu m'sitolo uli ndi mtengo wolembedwa, wa azakhali anu ukhaliranji wa mahala?

Chachitatu chimachokera kwa amayi a pamsika, ndipo n'chomveka. Iwo amapikula kwa alimi m'mawa n'kugulitsa tsiku lonse, ndipo phindu laling'onolo ndi limene limaphunzitsa ana awo. Aliyense akamalandira dengu lake mwachindunji, iwo adya chiyani? Sitikuganiza kuti mabanja khumi kapena makumi awiri angagwetse msika. Ndiponso dengu limafuna pofikira. Mlimi sangayende khomo ndi khomo, ali ndi madzi oti athirire. Mayi wa tebulo lodziwika angalandire madengu onse, kuwawaza madzi, kuwasunga pamthunzi mpaka eni ake ataweruka, n'kutengapo gawo lake lopangana. Ndiye amene amadziwa kale kuti ndani amalipira bwino ndi ndani amazemba.

Chachinayi n'cholozera kwa alimi, ndipo abale athu a kudimba atikhululukire, tinena. Kusakhulupirika kulipo mbali zonse. Alipo amene adzalandira ndalama ya mwezi, koma matimati akangokwera mtengo adzawagulitsa kwa wopikula wobwera ndi galimoto, inu n'kukutumizirani zotsalira. Alipo oika zokongola pamwamba, zoola pansi. Choopsa kwambiri ndi mankhwala. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oti munthu adikire atapopera asanathyole, koma wogula akafika ndi ndalama m'manja, ena amathyola repu wopoperedwa dzulo lake. Izi zimachitika, ndipo alangizi a zaulimi amazinena pa mapulogalamu athu nthawi ndi nthawi. Koma funsani: pamsika mungadziwe bwanji? Mtolo ulibe dzina. Pamene mwapangana ndi munthu mmodzi mumadziwa dimba lake, mungapiteko Loweruka kukaona botolo ndi maso anu, ndipo iye amadziwa kuti mwana amene adye masambawo ndi wa aphunzitsi aja amamupatsa moni kutchalitchi. Akakunamizani kamodzi wataya K2,000 ya mwezi uliwonse, ndipo mudzi wonse udzadziwa chifukwa chake.

Ogula nawonso amathawa. Mwezi woyamba onse khumi alipira mokondwa, zithunzi zili pa WhatsApp. Mwezi wachitatu awiri akuti malipiro achedwa, wina wasamutsidwa, wina watopa ndi impwa. Mlimi wabzala kale za mabanja khumi. N'chifukwa chake tikuti kulipira kukhale koyambirira, ndipo wofuna kutuluka anene mwezi umodzi usanathe, apezenso womulowa m'malo ngati angathe. Zilembedwe m'kabuku, pakhale mboni. Zikumveka ngati zambiri pa nkhani ya masamba, koma mikangano yambiri imene imafika kwa anyakwawa imayamba ndi mawu oti tinangogwirizana pakamwa.

Ena adzafunsa kuti bwanji osadikira boma kapena mabungwe. Ndalama ya CDF inakwezedwa mu 2022 kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse, ndipo yakhala ikukwerabe. Magulu a achinyamata ndi a amayi ali ndi ufulu wopemphako, ndipo pampu ya dzuwa kapena waya wa mpanda ndi zinthu zoyenera kupempha. Pemphani. Koma pampu imachulukitsa repu, siichulukitsa ogula. Taonapo magulu atalandira zipangizo, n'kukolola zochuluka, n'kukaziunjika pamsika womwewo tsiku lomwelo. Gulu lopita kukapempha lili ndi mayina a mabanja makumi awiri olipira mwezi ndi mwezi lili ndi poyambira kuposa longonena kuti msika tidzaupeza.

Ndipo izi sizifuna fomu. Zifuna anthu asanu kapena khumi a pa ofesi imodzi, pa sukulu imodzi, m'kwaya imodzi, kapena okhala pa mpanda umodzi wa lendi, ndi mmodzi pakati pawo wodziwa mlimi. Wa honda amene amabwera kale ku boma ndi anthu m'mawa angamange madengu kumbuyo. Madengu akhale awiriawiri, lina likupita lodzaza, lina likubwerera lopanda kanthu, kuti tisawonjezere mapulasitiki m'ngalande. Mtengo muuone kawiri pa chaka, chifukwa mbewu ndi petulo sizikhala malo amodzi.

Nthawi yake ndi yofunika. Nazale za repu, kabichi ndi anyezi zimafesedwa mvula ikamatha, mu Malichi ndi Epulo, ndipo mpanda umafunika utaima ziweto zisanamasulidwe. Wolima ayenera kudziwa nthawi imeneyo isanafike kuti afese za pakamwa pangati. Ndiye foni yoyamba iimbidwe mvula idakagwa, ndipo moni ukatha, musanafunse za nshawa, funsani kuti mbewu ya chaka chino ikugulidwa zingati.